Tishaki 7 m'thanki ya malita 54: zomwe ndinapeza, zomwe tinachita ndi pomwe zafika

Ntchito yanga kuno ku Joni ndi yosamala mathanki a nsomba m'manyumba mwa anthu, m'maofesi ndi m'malo odyera, ndipo pa mavuto onse omwe anthu amandiyimbira foni lomwe limabwerabwera ndi la tinsomba tija m'mashopu amatigulitsa ngati tishaki ta m'madzi opanda mchere. Ndiye ndalemba nkhani ya thanki imodzi yonse bwinobwino, eni ake anavomera bola ndisawatchule dzina, kuti amene muli nato kale kapena mukufuna kugulira mwana muone mmene zimayendera.

Eni ake ndi mayi ena akwathu, amakhala pa fulati ya m'mwamba ndi mwana wawo wamwamuna wa zaka 9. Thanki anagula mu May ngati mphatso ya mwanayo, ija zonse zimabwera m'katoni imodzi, galasi, kafyuluta ka mkati, hita ya mawati 50, getsi ndi timiyala tamitundumitundu. Kukula kwake ndi masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi, 30 msinkhu. Mukachulukitsa manambala atatuwo n'kugawa ndi 1000 mupeza malita 54, koma amenewo ndi a pakatoni, mukachotsera timiyala ndi mpata wa pamwamba madzi enieni ndi cha m'ma 45 basi. Tsiku lomwe anagula thanki ndi lomwe anathira madzi ndi lomwenso anaikamo nsomba: ma bala shark 3, ma rainbow shark 2, ina yakuda ina ya albino, ndi ma iridescent shark 2, zonse zotalika masentimita 5 mpaka 6. Komwe anagulako anawauza kuti tonseto ndi tishaki timakhala limodzi bwinobwino, komanso eti nsomba imakula molingana ndi thanki yake ndiye asadandaule.

Anandiyimbira patatha masabata atatu. "Achimwene tabwerani mudzaone, madzi achita mbuu, imodzi tayipeza pansi m'mawa itauma kale, zinazi sizikudya, mwana akungolira."

Zomwe ndinapeza

Madzi anali mbuu ndithu, ndi kafungo. Chivundikiro anachichotsa kalekale kuti mwana azidyetsa mosavuta, ndiye bala imodzi inadumpha usiku. Ma bala awiri otsala anali pakona zipsepse atapinda, akupuma mofulumira, thupi lonse timadontho toyera ting'onoting'ono, matenda aja timati white spot. Ma iridescent onse awiri anali atasupuka kukamwa chifukwa chodzimenyetsa pagalasi, ina diso limodzi litayera. Rainbow ya albino inali itaima chilili kuseri kwa hita mchira utang'ambika, ikangosuntha pang'ono yakuda ija yafika kale.

Nditayeza madzi ndinapeza amoniya 1 mg pa lita ndi nitrite 2 mg, zonse ziwiri ndi poizoni kwa nsomba, nitrate cha m'ma 10, ndipo pH, muyezo wa asidi m'madzi, inali 7.8. Kutentha kunali madigiri 21 pomwe hita anaitchera pa 26, n'zosadabwitsa, unali mwezi wa June, thanki ili pawindo, magetsi akumazima usiku, kahita ka mawati 50 sikangalimbane ndi chisanu cha kuno. Nditatakasa timiyala munatuluka chakudya chowola chochita kumera nkhungu. Siponji ya m'fyuluta inali yoyera bwino kwambiri, mayiwo ankaichapa pampopi Lamulungu lililonse, ndi mtima wabwino ndithu.

Kenako ndinamuuza mwana uja kuti andithirire m'dzanja chakudya chomwe amaponya kamodzi. "Ankolo, ndimapatsa chonchi, m'mawa, ndikaweruka ndi madzulo." Mayi ake nawonso amaponyako akamapita kuntchito poganiza kuti mwana waiwala, ndipo mlendo wina wochokera kumudzi anawonjezerapo nyenyeswa za buledi ati nsomba sizikhuta ndi timapepala. Nditayeza pa kasikelo zonse za tsiku limodzi zinkapitirira magilamu 3.

Si nsomba imodzi, ndi zitatu zosiyana

Palibe shaki yeniyeni pamenepa, zangofanana nayo chipsepse chapamsana chosongoka chija. Bala ndi rainbow ndi za banja la carp, banja lomwelo la usipa, matemba, mpasa ndi ntchila za kwathu. Rainbow ndi m'bale wake wa mchira wofiira wotchedwa red tail shark mpaka kale ankaziika m'gulu la Labeo momwe muli ntchila, asanazisamutsire ku Epalzeorhynchos. Iridescent yokha ndi ya mbali ya milamba ndi kampango, ilibe mamba ndipo ili ndi ndevu.

Bala, Balantiocheilos melanopterus, kwawo ndi mitsinje ya ku Sumatra, Borneo ndi chigawo cha Malaysia, imafika masentimita 35, imayenda pagulu, imathamanga kwambiri ndipo ikadzidzimuka imadumpha. Ikakhala yokha kapena ziwiri imangokhala ndi mantha nthawi zonse. Rainbow, Epalzeorhynchos frenatum, ndi ya ku Mekong ndi Chao Phraya, imathera pa masentimita 15, imakhala pansi ndipo imatenga malo n'kukhala ake. Ikadali kakang'ono imaoneka yamanyazi koma ikamakula ukali umakulanso, ndipo mdani wake woyamba ndi inzake ya mtundu womwewo. Albino ndi yakuda ndi nsomba imodzi yomweyo, khungu lokha ndi lomwe lasiyana, ndiye kugula imodzi imodzi kuti zikongoletse ndi kugula ndewu. Ziwiri ndiye nambala yoipitsitsa chifukwa ukali wonse wa yamphamvu umathera pa imodzi.

Iridescent, Pangasianodon hypophthalmus, iyi ndiye imandipweteka mutu. Ndi nsomba yomwe ija mumaipeza m'mafiriji a m'masitolo itadulidwadulidwa yolembedwa pangasius kapena basa, ku Vietnam amaiweta m'maiwe a ku Mekong Delta matani opitirira miliyoni imodzi pachaka. Imafika masentimita 130 ndi makilogalamu 44. Kunyezimira ndi mizere yakuda ija yomwe imakopa anthu pashopu ndi ya paubwana, ikakula imangokhala yotuwa. Ndi yamantha koopsa, munthu kungoyatsa getsi kapena kumenyetsa chitseko imathamanga mosaona kutsogolo mpaka kugunda galasi, ndiye kusupuka kukamwa kuja. Kunena mosapsatira, iyi si nsomba ya m'nyumba ndipo sindimvetsa chifukwa chake amaigulitsabe pambali pa tinsomba ting'onoting'ono ngati ma guppy.

Chakudya ndi thanki ndi nkhani imodzi

Apa ndi pomwe ndikufuna ndikhalitsepo chifukwa anthu amafunsa mafunso awiri padera, tizidyetsa bwanji, ndipo thanki ikhale yaikulu bwanji, pomwe yankho la lina lili mwa linzake.

Nsomba ikadya chakudya chokhala ndi mapuloteni, zotsalira zake zambiri imazitulutsa ngati amoniya kudzera mopumira mwake, ndipo chomwe sichinadyedwe chimawola n'kutulutsanso amoniya yemweyo. Oweta nsomba m'maiwe amawerengera kuti kilogalamu imodzi ya chakudya imabweretsa magilamu pafupifupi 30 a amoniya, ndiye kuti gilamu imodzi ndi 30 mg. Pathanki iyi magilamu 3 patsiku ndi 90 mg, mugawe ndi malita 45, mupeza 2 mg pa lita tsiku lililonse. M'thanki yokhazikika amoniya ameneyu amadyedwa ndi mabakiteriya okhala m'siponji ya fyuluta, ena amamusandutsa nitrite, ena monga Nitrospira amasandutsa nitrite kukhala nitrate yemwe sapweteka msanga ndipo timamuchotsa posintha madzi. Koma kuti mabakiteriyawa achuluke m'thanki yatsopano pamatenga masabata 4 mpaka 6, ndipo madzi apampopi kuno amathiridwa chlorine ndi chloramine zomwe ntchito yake ndi kupha mabakiteriya, ndiye Lamulungu lililonse siponji ikachapidwa pampopi thanki inkabwerera poyambira.

Amoniya amapweteka mosiyana kutengera pH. Pa madigiri 25, madzi a pH 7 gawo loopsa la amoniya ndi theka la peresenti, koma pa pH 8 limapitirira 5 peresenti, kuchulukitsa kakhumi. Madzi athu apampopi amakonda kukhala chakufupi ndi 8, ndiye 1 mg kuno si yofanana ndi 1 mg ya munthu wa madzi a pH yotsika yemwe mwawerenga malangizo ake pa intaneti. Nitrite naye amalowa m'magazi n'kugwira haemoglobin, magazi amasanduka abulawuni osanyamulanso okosijeni, nsomba imabanika ili m'madzi omwe mpweya ulimo. Kuonjezera apo Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 ndiye madzi kuno amasunga okosijeni wochepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu kuyerekeza ndi ku Durban. Nsomba yofooka chonchi, yozizidwanso usiku, white spot sachedwa kuigwira.

Tsono wina anganene kuti basi chepetsani chakudya nkhani yatha. Pang'ono n'zoona, chifukwa tinsomba 7 timeneti tonse pamodzi tinkalemera mwina magilamu 20, ndipo nsomba yomwe ikukula imafuna 3 mpaka 5 peresenti ya kulemera kwake patsiku, kutanthauza kuti gilamu imodzi inali yokwana ndi kutsala. Ankadyetsa katatu kuposa muyezo. Koma taonani, olo gilamu imodzi yoyenerayo m'malita 45 ndi pafupifupi 0.7 mg pa lita tsiku lililonse, pomwe m'malita 240 ndi 0.12 chabe. Ndipo nsombazi sizikhala pa magilamu 20 mpaka kale, bala ikawirikiza kawiri kutalika kulemera kwake kumawirikiza pafupifupi ka 8, chakudya nachonso chimakwera, madzi ali omwewo. Simungazimane chakudya kuti thanki ikwane, chifukwa bala ndi rainbow, monga abale awo onse a banja la carp, zilibe chifu chenicheni chosungira chakudya, kummero kuli mano operera kenako matumbo basi. Zinalengedwa kuti zizitolatola pang'onopang'ono tsiku lonse. Kamwana ka bala komwe kakudya kamodzi patsiku kamaonda pamsana, mutu ndi maso zimaoneka zazikulu kuposa thupi.

Ndiye zija amati nsomba imakula molingana ndi thanki zimachokera pamenepa. N'zoona kuti m'kathanki kakang'ono bala siifika masentimita 35, koma chifukwa chake n'choti yapinimbira ndi madzi oipa, njala ndi mantha, ndipo imafa isanafike pakati pa moyo wake, nsomba yoti ikanatha zaka 8 kapena 10. Kwathu timaponya madeya m'dziwe la chambo zinthu n'kumayenda chifukwa dziwe lili ndi dothi, dzuwa, ndere ndi madzi ochuluka omeza zonsezo, koma galasi la malita 45 lilibe kotayira kalikonse, chomwe mwaponyamo chili momwemo mpaka mutachichotsa nokha.

Zomwe tinachita

Ndinayamba ndi madzi, mankhwala pambuyo. Anthu ambiri akaona timadontho amathamangira botolo la mankhwala, koma mankhwala a white spot m'madzi a nitrite 2 amangomalizitsa nsomba. Ndinakoka theka la madzi ndi paipi uku ndikupopa zowola za m'timiyala, n'kubwezera ena ofunda mofanana othira mankhwala ochotsa chlorine, ndipo muziwerenga pabotolo kuti akuchotsanso chloramine chifukwa iyeyu sauluka olo madzi mutawagoneka m'ndowa usiku wonse. Mayiwo ndinawaonetsa kachitidwe kake ndipo anapitiriza okha kusintha theka tsiku lililonse. Ndinabweretsa siponji yakale ya m'thanki yanga yokhazikika, yakuda bii, n'kuifinyira m'kafyuluta kawo, ataiona anafuna kukaitsuka ndinachita kuwagwira dzanja. Ndinaikamo kamwala kotulutsa thovu la mpweya, ndi mchere wamiyala wopanda ayodini gilamu imodzi pa lita, cha m'ma masipuni aakulu awiri ndi theka, chifukwa chloride wa mumchere amapikisana ndi nitrite polowa m'thupi la nsomba. Posintha madzi mumabwezera mchere wa madzi omwe mwachotsawo okha, osati muyezo wonse. Chakudya tinaimitsa masiku awiri. Chivundikiro chinabwerera.

Albino ndinaitenga tsiku lomwelo kukaisunga kwanga m'chibokosi chapulasitiki chokhala ndi fyuluta yakeyake, ikanagonanso usiku wina m'thanki muja sikanadzuka. Thanki tinaichotsa pawindo, tinaonjezera hita yachiwiri n'kumakweza digiri imodzi patsiku mpaka 28. Kachilombo ka white spot, Ichthyophthirius multifiliis, kakakhala pakhungu la nsomba mankhwala sakafika, kamagwa pansi n'kuswana mazanamazana ndipo tiana take tikamasambira kufuna nsomba ndi pomwe timaphedwa, ndiye kutentha kumafulumizitsa ulendo wonsewo kuti mankhwala atipeze. Koma madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, n'chifukwa chake thovu lija linali lofunika kwambiri. Mankhwala a malachite green ndi formalin tinayamba tsiku lachitatu, theka la muyezo wa pabotolo chifukwa nsomba zopanda mamba ngati iridescent sizipirira muyezo wonse, makala a m'fyuluta titachotsa kuti asamwe mankhwalawo, ndipo tinapitiriza sabata ina timadontho titatha kale. Mbali zitatu za galasi tinaphimba ndi thaulo, getsi osayatsa, kuti ma iridescent asiye kudzigunditsa.

Iridescent ya diso loyera ija inafa usiku wachiwiri. Nditaitsegula mopumira munali mwa bulawuni m'malo mofiira, nitrite anali atailowa kale. Zina zonse zinachira. Amoniya anafika pa 0 sabata isanathe, nitrite anatsatira patapita masiku ena ochepa.

Za magetsi, anagula kapampu ka mpweya koyendera mabatire, ndipo lamulo ndi loti magetsi akazima thanki ifunditsidwe bulangete ndipo nsomba zisapatsidwe chakudya mpaka fyuluta itayambanso kuzungulira. Mukadziwa kuti azima 6 koloko musadyetse 5 koloko.

Kadyetsedwe komwe tinakhazikitsa

Vuto lalikulu silinali mtundu wa chakudya koma manja ambiri. Tinapeza kabokosi kaja kosungira mapiritsi ka zipinda 7, mayi amayeza chakudya cha sabata yonse Lamulungu madzulo, cha tsiku chikatha m'chipinda chake ndiye kuti chatha, kaya abwere ndani. Mwana amachigawa katatu, ndipo ulendo uliwonse chizitha m'mphindi ziwiri. Chitini chachikulu chili m'kabati yokiya. Zikuoneka zachibwana koma pa zonse zomwe ndinachita pathankiyi ichi ndi chomwe chinathandiza kwambiri.

Ma bala amadyera pakati ndi pamwamba pa madzi ndipo sasankha, kwawo amadya tizilombo, mphutsi, tinkhanu ting'onoting'ono ndi zomera. M'mawa amalandira mafuleki abwino, timapepala tija, ofikicha pang'ono, masana timapeleti ta milimita imodzi tomira pang'onopang'ono, madzulo kawiri kapena katatu pasabata tizilombo ta m'madzi touma ndi ayezi m'firiji, bloodworm, daphnia kapena brine shrimp. Kachidutswa kouma ndi ayezi kaja musakaponye choncho, kasungunuleni m'kapu ndi madzi a m'thanki, tayani madzi ofiirawo, ndipo kachidutswa kamodzi n'kochuluka kwa tinsomba tochepa chonchi, dulani pakati. Bloodworm amaikonda kwambiri moti mukawazoloweza tsiku ndi tsiku amayamba kunyanyala zina zonse, pomwe payokha si chakudya chokwanira. Mukamva kaphokoso koti tcha tcha pomwe akudya musadabwe, ndi mano akummero aja.

Rainbow ndi nkhani ina. Kamwa yake inaloza pansi, ntchito yake ndi kupala ndere ndi tizilombo tokhala pamiyala ndi pamitengo, ndiye mukamangoponya zoyandama ma bala amamaliza zonse iyo isanatuluke m'phanga. Imafuna chomira, kachidutswa ka wafer, kabisiketi ka nsomba kopangidwa ndi ndere za spirulina, madzulo getsi litatsala pang'ono kuzima, kuponyera mbali yomwe imakhala. Masamba ndi ofunika kwa zonse ziwiri: nsawawa zowiritsa zosenda n'kuphwanya, kagawo ka nkhaka kapena baby marrow koviika m'madzi otentha mphindi imodzi n'kukabaya pa foloko kuti kamire, sipinachi pang'ono. Zotsala muchotse m'mawa. Galasi lakumbuyo ndi miyala musamakweche mpaka mbee, ndere zobiriwira zija ndi munda wake. Rainbow yodya bwino thupi limada bii zipsepse n'kufiira kwambiri, ikayamba kutuwa dziwani kuti pali chomwe chalakwika, kaya madzi kaya chakudya kaya ikuvutitsidwa.

Buledi, nsima, mpunga, zonsezi ayi. Ndipo chitini cha mafuleki gulani chaching'ono choti chithe m'miyezi itatu kapena inayi, mavitamini amatha mphamvu chikangotsegulidwa, makamaka chikamakhala pamwamba pa getsi la thanki pomwe pamatentha. Tikati kusala tsiku limodzi pasabata, zimenezo ndi za nsomba zazikulu, tiana tosakwana masentimita 8 ine sinditisalitsa pokhapokha madzi atavuta.

Nkhani ya thanki

Madzi atakhala bwino tinakhala pansi ndi mayiwo, chifukwa kathanki kaja kanali kachipatala chabe tsopano. Pa nsomba zothamanga kutalika kwa thanki n'kofunika kuposa malita. Thanki yoimirira yaitali m'mwamba ya malita 200 ndi yachabe kwa bala poyerekeza ndi yogona ya malita omwewo, chifukwa bala ikadzidzimuka imafuna msewu, komanso mpweya umalowera pamwamba pa madzi ndiye pamwambapo pakatambalala ndi pomwe zili bwino.

Rainbow imodzi yokha imafuna thanki ya masentimita 120, ya 120 ndi 45 ndi 45 ndi malita 243, yokhala ndi mapanga, mitengo ndi zomera zotchinga kuti isamaone thanki yonse nthawi imodzi, ndipo mmenemo itha kukhala moyo wake wonse. Isakhale ndi rainbow ina, kapena zofanana nayo ngati red tail ndi flying fox. Ma bala amafuna gulu la 5 kupita m'mwamba. Tiana ta masentimita 5 titha kukulira m'thanki ya 120 yomweyo kwa chaka kapena kupitirira pang'ono, koma akafika masentimita 15 pakufunika ya 180 ndi 60 ndi 60, malita 648, ndipo ameneyo ndi muyezo wotsikitsitsa, ya masentimita 240 ndi yomwe ine ndimaiona yoyenera. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, muonjezere galasi lokhuthala mamilimita 12, mchenga, miyala ndi sitandi yachitsulo, mukukamba za makilogalamu opitirira 800 pamalo amodzi, pa fulati ya m'mwamba, yalendi. Iridescent ilibe thanki yomwe ndingakuuzeni, imafuna dziwe lofunditsidwa la malita masauzande angapo.

Malangizo anga anali oti asunge rainbow yakuda yokha m'thanki ya 120, aonjezere gulu la tinsomba tothamanga tosakula ngati ma tiger barb kapena zebra danio, ma bala ndi iridescent zipite. Pa iridescent sanavute, ndinaipezera malo kwa kasitomala wina yemwe ali ndi dziwe la mkati mwa nyumba lofunditsidwa. Pa ma bala mwana anakana kwamtuwagalu, anali atawapatsa kale mayina. Mayi ake anati, "Achimwene, tiyeni tiyese chaka chimodzi, zikakula tidzaona." Ine mawu oti tidzaona ndimawaopa pantchito imeneyi chifukwa mathanki ambiri omwe ndimakachotsamo nsomba zopindika msana anayamba ndi mawu amenewo, ndiye ndinavomera pokhapokha titapezeratu komwe zidzapite. Tinagwirizana ndi ofesi ina yomwe ndimasamalira thanki yake ya masentimita 240, muli kale ma bala akuluakulu, kuti akadzafika masentimita 15 adzawalandira.

Chinthu chimodzi chomwe ndinawaletseratu ndi kukataya nsomba mu damu kapena mumtsinje zikawakulira, anthu amachita zimenezi poganiza kuti akuzichitira chifundo. Kuno chisanu chitha kuzipha, koma kumadera otentha zitha kukhazikika. Ndipo kwa amene mumaganiza zotengera tishaki kumudzi pa basi m'chigubu, lamulo la zausodzi ku Malawi sililola kulowetsa kapena kusamutsa nsomba zachilendo popanda chilolezo, olo carp amene ankawetedwa m'maiwe boma linamuletsa koyambirira kwa zaka za m'ma 1990 poteteza nsomba za m'nyanja yathu. Pangasius wa makilogalamu 40 mu Shire si nkhani yoseketsa. Enanso amandifunsa ngati angasakanize rainbow ndi mbuna poti zonse zimapala miyala, ena zimawayendera kwakanthawi koma ine sindipangira munthu, mbuna zimafuna madzi olimba a pH pafupifupi 8 ndipo pa ndewu ya mapanga rainbow imodzi siingalimbane ndi gulu la mbuna.

Pomwe zafika

Anapeza thanki yogwiritsidwapo kale ntchito ya 120 ndi 45 ndi 45. Tinaidzaza madzi pakhonde kaye kuona ngati sikudontha, kenako tinailowetsa n'kuiika motsamira khoma lolimba kutali ndi windo ndi chitseko, pansi pake tinayala styrofoam. Fyuluta ndi ya kunja yozungulitsa malita pafupifupi 1000 pa ola, paipi yobwezera madzi tinailozetsa m'litali mwa thanki kuti pakhale kamkokomo, ma bala amakonda kusambira molimbana nako. Hita ndi ya mawati 300 pa madigiri 26, yokhala ndi chotchingira chapulasitiki. Pansi mchenga wosalala m'malo mwa timiyala takuthwa tija, rainbow imapala pansi ndi milomo. Chivundikiro chagalasi, mipata yodutsa mawaya tinatseka ndi siponji. Siponji zakale zonse zinasamukira m'fyuluta yatsopano zisanaume, ndiye amoniya sanaonekenso.

Ma bala atatu owonjezera anakhala kwanga masabata atatu kaye kuti ndione ngati alibe matenda, kenako analowa. Kusintha kwake kunaoneka sabata yomweyo, awiri akale aja anachoka pakona n'kuyamba kuyenda ndi anzawo pakati pa thanki. Rainbow imawathamangitsa akayandikira phanga lake koma siwatsatira kutali. Madzi amasintha malita 70 sabata iliyonse, siponji amaitsukira m'ndowa ya madzi omwe achotsa m'thanki kamodzi pamwezi, nitrate amakhala pakati pa 10 ndi 20.

Pano papita miyezi 10. Ma bala ali pa masentimita 12 mpaka 13, awiri oyamba aja ndi ocheperako pang'ono kuposa obwera pambuyo ngakhale anayamba ofanana, masabata atatu oyambirira aja anawabweza m'mbuyo. Rainbow ili pa 11. Chakudya chakwera kufika magilamu pafupifupi 3 patsiku ndipo tachepetsa kukhala kawiri, m'mawa ndi madzulo. Nitrate wayamba kufika 30 sabata isanathe, ndiye kuyambira mwezi uno akusintha malita 100. Albino ili kwa kasitomala wina m'thanki yakeyake, mchira unamera. Mayi aja afunsa eni fulati za thanki ya 180 ndipo ayankhidwa kuti abweretse kalata ya injiniya yonena kuti pansi pangapirire kulemerako, mtengo wa kalatayo ndi wa thankiyo akuwerengerabe. Ikakanika, ma bala onse 5 apita ku ofesi ija akangokwana masentimita 15, mmene akukuliramu ndi miyezi itatu kapena inayi ikubwerayi, ndipo mwana ndamuuza kale kuti m'malo mwake mudzalowa ma tiger barb 10.